Backup mumapanga, koma disiki yodzutsira seva ikafa mudzayambira pati?

Nthawi yomwe ndinkaphunzira ntchito pa wailesi ina yaing'ono, tinafika Lolemba m'mawa n'kupeza webusaiti yathu sikutseguka. Mapulogalamu omwe tinajambula kale sankapezeka, ndipo mayi a ku akaunti ankangozungulira chifukwa za malipiro a mwezi umenewo zinali m'makina omwewo. Magetsi anathima Loweruka usiku, ndipo atayaka, seva sinadzukenso. Mnyamata wa IT, mnzanga wa msinkhu wanga, anangoti kakasi kutsogolo kwa sikirini yakuda.

Abwana anafunsa funso limodzi: "Kodi iwe, si unkati timapanga backup?" Iye anati, "Eee bwana, timapanga." Sankanama ayi. Chinamupweteka chinali pena.

Seva yathu inali bokosi limodzi, koma m'kati mwake munkayenda makompyuta anayi ongoyerekeza, omwe a IT amawatchula kuti ma VM: ina ya webusaiti, ina ya mawu ojambulidwa, ina ya akaunti, ina ya maimelo. Zili ngati mdadada wa nyumba za lendi ku Ndirande. Aliyense ali ndi chipinda chake, koma makiyi, mita ya magetsi ndi kope lolembamo kuti chipinda chakuti n'cha ndani zili kwa alandilodi. Pa seva, alandilodiwo ndi pulogalamu yomwe imakhala pa disiki yakeyake yodzutsira makinawo. Mnzanga ankakopera katundu wa alendi usiku uliwonse. Kope la alandilodi sanalikoperepo n'kamodzi komwe, ndipo disiki yomwe inafa inali imeneyo.

Katundu analipo ndithu. Koma kuti akumbukire manambala a netiweki, disiki iti inkasunga chiyani, ndi khomo liti lomwe linali lotseka kwa anthu akunja, zinamutengera masiku atatu. Masiku atatu wailesi ikubwereza nyimbo za m'foni mwa muulutsi, otsatsa malonda akuimba foni mokalipa.

Chimandiwawa n'chakuti zomwe zinasowazo n'zazing'ono kwabasi. Titenge Proxmox, pulogalamu ya kampani ya ku Vienna yomwe inatuluka mu 2008, imene ambiri ayithamangira chigulireni Broadcom kampani ya VMware kumapeto kwa 2023. Backup yake ya nthawi zonse imakopera ma VM, osati seva yeniyeniyo. Makonzedwe a sevayo amakhala mu /etc/pve, mu /etc/network/interfaces ndi mu fayilo ya config.db yomwe ili mu /var/lib/pve-cluster. Zonsezi kuziphatikiza sizifika n'kukula kwa kanema mmodzi wa pa TikTok. Zimakwana pa fulashi yotchipa.

Palinso msampha wina. Ngati backup yanu munaikhoma ndi kiyi wachinsinsi, ndipo kiyiyo amangokhala pa disiki yodzutsirayo, disiki ikafa ndiye kuti mwatsala ndi bokosi lokhoma lopanda chotsegulira. Inu a WhatsApp mukudziwa zimenezi. Mukatchinga backup ya macheza anu ndi pasiwedi kapena kiyi uja wa zilembo 64, foni n'kubedwa mu minibasi, pasiwedi n'kuiwala, ngakhale a WhatsApp eniake sangakutsegulireni. Zithunzi za chinkhoswe zija, basi zapita.

Ena amati yankho n'kuika madisiki awiri. N'zoona, ndipo Proxmox imalola kuti poiika musankhe ZFS RAID1, kuti disiki imodzi ikafa inzake ipitirize. Ine ndimati seva iliyonse ya pa ofesi izikhala choncho. Koma madisiki awiriwo amachita zofanana ndendende: mukafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika konsekonse nthawi yomweyo. Mphenzi kapena mbava sizisankhanso disiki. Ndiye kopi ina iyenera kukhala kunja kwa bokosilo, ndipo ina kunja kwa nyumbayo. Akadaulo amati 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ili kutali.

Musaganize kuti izi zimagwera ife osauka tokha. Mu Malichi 2021 moto unapsereza nyumba ya maseva ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo makasitomala ena omwe backup yawo inali pamalo omwewo anataya zonse. Mu Januwale 2017 wantchito wa GitLab anafufuta deta molakwitsa, ndipo atapita kukatenga backup anapeza kuti njira zawo zingapo sizinkagwira ntchito. Anapulumukira pa kopi yomwe inatengedwa maola pafupifupi 6 m'mbuyo mwake. Ngati akuluakulu otere anagwa chifukwa chosayesa, nanga ife? Backup yomwe simunayesepo kuibwezeretsa pa makina ena, ine sindiiwerengera.

Ndikudziwa zomwe mabwana anene: ndalama palibe, intaneti ndi yodula, sitingamatumize mafayilo akuluakulu kunja usiku uliwonse. Pa ma VM akuluakulu ndikumva, ndipo disiki yonyamula m'chikwama yomwe imapita kunyumba Lachisanu lililonse ikhoza kugwira ntchito imeneyo. Koma pa makonzedwe a seva palibe chowiringula. Kuonanso thanzi la disiki n'kwaulere, chifukwa madisiki ali ndi SMART yomwe imaonetsa ngati ayamba kutha, ngakhale kuti ena amangofa osatsanzika. UPS nayo si chinthu cha manyado m'dziko lomwe magetsi amathima seva ili m'kati molemba.

Apa ndiye ndimaloza chala mabwana kuposa anyamata a IT. M'maofesi ambiri munthu mmodzi yemweyo ndiye wokonza pulinta, wokoka mawaya, wotsegulira abwana Facebook ikavuta, komanso wosamala seva. Akapempha disiki yachiwiri amauzidwa kuti adikire bajeti ya chaka cha mawa. Zonse zili m'mutu mwake, ndipo tsiku lomwe adzapeze ntchito ku Johannesburg, mutuwo udzakwera naye basi. Achinyamata anzanga omwe mukugwira ntchito zoterezi, pempho lanu muzililemba pa imelo, tsiku lioneke. Mudzandithokoza.

Mnzanga uja sanachotsedwe ntchito, ngakhale anatukwanidwa mokwanira. Atamaliza kudzutsa seva analemba zonse pa mapepala awiri, n'kuika mu envulopu pamodzi ndi fulashi, n'kukapereka kwa mayi a ku akaunti kuti azisunga kunyumba kwawo. Disiki yachiwiri inagulidwa patatha miyezi iwiri. Makatani atsopano a mu ofesi ya abwana anafika sabata yomweyo ya ngoziyo.