Mutu umodzi susenza denga: agogo akatuluka ku Gulupu

Mutu umodzi susenza denga, adatero makolo, ndipo ankanena zomwe ankaziona: denga la nkhokwe amalimangira pansi, kenaka amuna angapo amalikweza pamodzi. Lero m'makomo ambiri ku Misesa, Bangwe ndi Ndirande muli denga lomwe tikusenzetsa munthu mmodzi. Agogo odwala shuga, BP kapena sitiroko akatulutsidwa ku chipatala cha Gulupu, mtolo wonse umagwera yemwe ankawadikirira m'chipatala, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mdzukulu. Amatuluka pageti atanyamula beseni, buku la kuchipatala ndi timapaketi ta mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo iye ndiye namwino, wophika komanso wosaka ya ndiwo.

Matendawa ndi amgonagona, ndipo ndi ofala. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP, ndipo ochuluka sankadziwa. Ambiri mwa iwo lero ndi agogo. Blantyre ilibe chipatala cha paboma ngati cha ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, choncho bedi la ku Gulupu limakhala likudikiridwa ndi wina. Wodwala akapezako bwino ayenera kupita kwawo, koma womusamalira asachoke asanaphunzitsidwe. Safunsa adadya phula, komatu amene sadziwa chofunsa ngofunika kumuuza. Wogona akapanda kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, m'chiuno ndi m'zidendene mumabuka zilonda. Wasitiroko akamwetsedwa phala chogona amatsamwa, chibayo n'kulowa. Washuga akamwa mankhwala osadya akhoza kukomoka. Zimenezi zimabwezera agogo pabedi lomwe adachokapo.

Ena anena kuti anamwino ndi ochepa, alibe nthawi yophunzitsa aliyense. N'zoona kuti ntchito yawachulukira, koma mphindi zophunzitsa kutembenuza wodwala ndi zochepa poyerekeza ndi masabata otsuka chilonda choti chidanyeka. Ndiponso njirayi si yachilendo kuno. Mu 2003, Edzi itavuta, College of Medicine ndi Salvation Army adayamba kusamalira odwala m'makomo ku Bangwe mothandizana ndi anthu ongodzipereka, ndipo kiliniki ya Tiyanjane ya ku Gulupu yakhala ikufikira odwala ku Ndirande. Nzeru yomweyo itumikire okalamba. Pasanathe sabata agogo atatuluka m'chipatala, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera adziwe kuti pakhomo pakutipakuti pafika wodwala, ndipo mankhwala a mwezi ndi mwezi azipezeka kuzipatala za ku Limbe, Zingwangwa kapena Bangwe, kuti agogo asamakwezedwe minibasi ziwiri chifukwa cha mapilitsi.

Ena anenanso kuti kusamalira makolo ndi chikhalidwe chathu, banja lidzaona chochita. Chikhalidwe chimenecho chidakhazikika pamudzi, pomwe azakhali, alamu ndi adzukulu ankakhala bwalo limodzi n'kumalandirana. M'tauni banja lili m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, madzi ndi ogula, ndipo tsiku lomwe mayi sadapite kumsika kukagulitsa tomato, pakhomo pagonedwa ndi njala. Wofuna kusunga mwambo abwezeretse kulandiranako. Achibale agawane masiku ndi ndalama ya thiransipoti, ana aamuna asaone ngati kusambitsa bambo awo n'kochititsa manyazi, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, pamodzi ndi abale a kumzikiti, akamazonda odwala azipatsako wowasamalira mpata wogona.

Kusonkhana timakudziwa. Maliro akagwa, amfumu amalengeza, mbale ya chipepeso imayenda, ufa ndi nkhuni zimapezeka, galimoto yopita kumanda a Misesa siisowa. Tiyambe kuchita zomwezo agogo akadali moyo, pomwe angathe kumva dzanja lowatembenuza n'kuthokoza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.