Matikiti okaonera maliro a madzi oundana

Pali malonda ena amene ukawamva umayamba wadzitsina kaye kuti mwina ukulota. Kumaiko olemera kuli makampani amene akugulitsa matikiti a sitima zapamadzi zopita kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kuchigawo chozizira chija amati Arctic, ndipo nyambo imene akukolera anthu ndi yakuti afulumire kukaona madzi oundana ndi zimbalangondo zoyera zinthuzi zisanathe. Ati ndi ulendo wa mwayi wotsiriza. Ine ndikuti malonda amenewa ndi achinyengo, ndipo woyamba kupusitsidwa ndi mwini tikitiyo, amene amabwerera kwawo akudziona ngati bwenzi la chilengedwe pamene wasiya mwaye pamalo amene amati akuwakonda.

Kwa amene simunamvepo za malowa, tiyeni tiyambe talongosola. Sitima zambiri zotere zimapita ku Svalbard, zilumba zimene zili pakati pa dziko la Norway ndi nsonga ya dziko lapansi, North Pole. Zilumbazi zili m'manja mwa Norway malinga ndi pangano la mchaka cha 1920. Tauni yake yaikulu ndi Longyearbyen, ya anthu pafupifupi 2,500 basi. Kumeneko dzuwa sililowa kuyambira kumapeto kwa April mpaka mu August, ndipo silituluka kuyambira kumapeto kwa October mpaka mu February. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a zilumbazi ndi okutidwa ndi chimene Azungu amachitcha glacier. Ichi ndi chimtsinje cha madzi oundana: chipale chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka, chimapanikizana kwa zaka mazanamazana mpaka kulimba ngati mwala, kenaka chimayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Chikafika kunyanjako chimaima ngati chikhoma, ndipo nthawi ndi nthawi chimagumuka ndi mkokomo wonga bingu.

Chikhoma chimenecho ndicho anthu amalipirira ndalama zankhaninkhani. Amakwera ndege mpaka ku Oslo, nkukweranso ina mpaka ku Longyearbyen, ndiye nkulowa m'sitima kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Akafika pamalo ngati Monacobreen, chimtsinje chimene anachitcha dzina polemekeza Prince Albert I wa ku Monaco, amatsikira m'timabwato ta mphira nkuyandikira. Chikhoma chikagumuka, mmanja ndi nthungululu. Ena amatola kachidutswa ka madzi oundanawo nkukaponya m'tambula ya mowa madzulo. Kukongola kwa malowa sindikutsutsa ayi, ndi okongola ndithu. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi utsi. Akatswiri a zanyengo a ku Finland analengeza mchaka cha 2022 kuti kuyambira 1979 chigawo cha Arctic chakhala chikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Pa 25 July 2020 ku Longyearbyen kunatentha kufika madigiri 21.7, zimene zinali zisanalembedwepo. Chifukwa chake nchodziwika: mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha ndi mafuta umatsekera kutentha mumlengalenga, madzi oundana oyera amene amabweza kuwala kwa dzuwa amasungunuka, ndiye pamatsala nyanja yakuda imene imamwa kutenthako, kusungunuka nkumapitirira. Mchaka cha 2016 akatswiri awiri, Dirk Notz ndi Julienne Stroeve, anawerengera kuti tani imodzi iliyonse ya mpweya umenewu imachotsa pafupifupi masikweya mita atatu a madzi oundana a panyanja ya Arctic m'nyengo yotentha. Tani imodzi ndiyo gawo la munthu mmodzi pandege yochoka ku New York kupita ku Ulaya ndi kubwerera. Apo sitinawerengere ndege yachiwiri, sitinawerengere mainjini a sitima amene amabangula usana ndi usiku kuti alendo asambe madzi otentha. Ndiponso mwaye wotuluka m'chumuni ukagwera pa chipale umachidetsa, ndipo chodetsedwa chimasungunuka msanga. Tsono abale, munthu angapite kukazonda wodwala chifuwa atanyamula mbaula yofuka utsi, nkumati wabwera kudzapepesa?

Ndikudziwa chimene eni sitimazi amayankha. Amati utsi wawo ndi kadontho chabe poyerekeza ndi wa mafakitale a ku China, America ndi Ulaya. Zimenezo nzoona, sitingakane. Sitima zonsezi zitaima lero, Arctic sasiya kusungunuka mawa. Koma mlimi wa ku India amene akutunga madzi ndi injini ya dizilo akusaka chakudya cha ana ake. Wopita ku Svalbard akusaka chithunzi cha pa Facebook. Utsi wa njala ndi utsi wa matama sitingauyeze pa sikelo imodzi. Ndipo kunena kuti changa nchochepa ndi mawu a aliyense amene amataya zinyalala mumtsinje wa Mudi: aliyense amati kanga nkathumba kamodzi, koma taonani mtsinjewo lero.

Nyerere yachiwiri ndi ya nyama zimene alendowo amati akukazikonda. Pa 28 July 2018 sitima ya ku Germany yotchedwa MS Bremen inaima pazilumba za Sjuøyane, kumpoto kwenikweni kwa Svalbard. Alonda a sitimayo anatsogola kumtunda kukaona ngati kuli bwino kuti alendo atsike. Chimbalangondo chinalumpha nkuvulaza mlonda mmodzi kumutu, anzake nkuchiombera, chinafera pomwepo. Mlondayo sindikumuda, aliyense akanaombera kuti apulumutse mnzake. Funso langa ndi lakuti: analowa m'nyumba ya mnzake ndani? Chimbalangondocho sichinakwere ndege. Chinali pakhomo pake, pachilumba chopanda mudzi, chopanda munda, chopanda khola. Kwathu kuno njovu ikalowa m'munda timati yatiputa. Nanga munthu akalondola nyama mpaka kumathero a dziko, nyamayo nkufa, tinene kuti waputa mnzake ndani?

Ndipo musaiwale kuti nyamazi zili kale pa mavuto. Chimbalangondo choyera chimadya nyama za m'nyanja zotchedwa seal, ndipo chimazigwira pamwamba pa madzi oundana. Pafupi ndi zikhoma zija, madzi a m'magombe amakhala oundana mpaka mochedwa, ndiye ndi pamene seal amaswerana, ndi pamenenso chimbalangondo chachikazi chimabwera ndi ana ake chitatha miyezi yambiri kuphanga osadya kanthu. Malo omwewo ndiwo woyendetsa sitima amawafuna, chifukwa walonjeza anthu ake chimbalangondo. Nyama ikadzidzimuka nkuthawa, mafuta amene inasunga m'thupi amapita pachabe. Mlendo amachoka ndi chithunzi, nyama imatsala ndi njala.

Si koyamba kuti anthu apite ku Svalbard ndi sitima nkusiya misozi. Willem Barentsz wa ku Holland atafika kuzilumbazi mchaka cha 1596, m'zaka za m'ma 1600 kunakhamukira alenje a anamgumi. Adatchi anamanga msasa wotchedwa Smeerenburg, wophikirapo mafuta a anamgumi, ndipo anapha mpaka nyamazo zinatsala pang'ono kutheratu. Nyama za minyanga zotchedwa walrus nazonso zinaphedwa mpaka kutsala zowerengeka, boma la Norway nkuletsa kuzipha mchaka cha 1952. Zimbalangondo zinatetezedwa mu 1973. Taonani chimene chinachitika: walrus atasiyidwa okha anayambanso kuchuluka. Phunziro lake ndi losavuta. Nyama za kumeneko zinachira pamene munthu anabweza dzanja lake. Lero munthu wabwereranso, mkondo wasiya, watenga kamera, ndipo akufuna timuombere mmanja.

Nyerere yachitatu ndi ya moyo wa alendo eni akewo, ndi wa amene amayenera kukawapulumutsa. Mu June 1989 sitima ya ku Soviet Union yotchedwa Maxim Gorkiy inagunda madzi oundana kufupi ndi Svalbard, anthu mazanamazana nkuthawira m'mabwato, ena kuima pamwamba pa zidutswa zoyandama. Anapulumuka chifukwa sitima ya asilikali a Norway yotchedwa Senja inafika msanga. Mu August 2007 chikhoma chinagumuka pafupi ndi sitima ya Alexey Maryshev, alendo a ku Britain nkuvulala. Mu September 2023 sitima ya Ocean Explorer, ili ndi anthu 206, inatitimira m'matope kumpoto chakum'mawa kwa Greenland, ndipo inakhala pamenepo masiku atatu isanakokedwe. Mu March 2019 mainjini a Viking Sky anazima kugombe la Norway kwenikweniko, kufupi ndi zipatala ndi mabwalo a ndege, m'sitimamo muli anthu oposa 1,300; mahelikopita anagwira ntchito usiku wonse koma anatulutsa osakwana 500. Tsono ganizani zoterezi zitachitika ku Svalbard, kumene bwanamkubwa ali ndi mahelikopita awiri ndi kachipatala kakang'ono. Phindu limalowa m'thumba la kampani, koma tsoka likagwa wokaika moyo wake pachiswe ndi mwana wa eni ake.

Mfundo imene amalondawa amainyadira kwambiri ndi yakuti munthu akaona malowa ndi maso ake amasanduka kazembe wa chilengedwe, amakalalikira kwawo. Eti kazembe! Sitima zakhala zikutengera alendo ku Svalbard kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo m'zaka zaposachedwapa zachuluka zedi. Akazembe onsewo ali kuti? Mchaka cha 2016 sitima ya Crystal Serenity inadutsa njira ya kumpoto kwa Canada ndi alendo pafupifupi 1,000, tikiti yotsika mtengo ili pamwamba pa madola 20,000. Njira imeneyo kale inali yotsekeka ndi madzi oundana, ndipo inameza Sir John Franklin ndi anthu ake onse amene ananyamuka mu 1845. Chimphona cha sitima chotere chinatha kudutsa chifukwa dziko latentha. Ndiye kuti tsoka lenilenilo ndilo lasanduka katundu wogulitsa. Amene akudya chifukwa cha maliro sangapemphere kuti wodwala achire. Zoona, bungwe la makampaniwa lotchedwa AECO, limene linayamba mu 2003, lili ndi malamulo ake, ndipo alendo ena amatola zinyalala za pulasitiki m'magombe. Ntchito yabwino, sitinyoza. Koma kusesa pabwalo sikuzimitsa moto umene uli padenga.

Mfundo yokhayo imene ili ndi kulemera ndi ya ntchito. Longyearbyen inayamba mu 1906 ngati msasa wa migodi ya malasha wa John Longyear wa ku America, ndipo mgodi wotsiriza wa Norway kumeneko unatsekedwa mu 2025. Anthu akumeneko ayenera kudya, ndipo alendo amabweretsa ndalama. Koma mlendo wa m'sitima amagona m'sitima, amadya m'sitima, amamwa m'sitima. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu a m'tauniyo ndi amene amatsala ndi zotsatira za kutentha: mu December 2015 chigumukire cha chipale chinakwirira nyumba nkupha anthu awiri, ndipo mu 2016 madzi analowa m'khonde la nkhokwe ya mbewu za dziko lonse imene inatsegulidwa mu 2008 ndi chikhulupiriro chakuti nthaka ya kumeneko sidzasungunuka.

Boma la Norway lachitapo kanthu, ndipo apa tiliyamikire. Linaletsa mafuta akuda olemera m'madzi a Svalbard. Kuyambira pa 1 January 2025 linakhazikitsa malamulo akuti m'malo otetezedwa musalowe sitima yonyamula alendo oposa 200, kuti alendo azitsikira pamalo 43 okha osankhidwa, ndi kuti munthu atalikirane ndi chimbalangondo mamita 300, kapena 500 kuyambira March mpaka June. Amalonda anadandaula kuti alendo saona bwino. Dandaulo limenelo ndilo lawaulula: kazembe weniweni wa chilengedwe akanakondwera kuti nyama yapatsidwa mpata. Bungwe loona za maulendo apanyanja la IMO nalo linaletsa mafuta olemerawa m'nyanja ya Arctic kuyambira July 2024, koma linasiya zipata zoti sitima zina zipitirize mpaka 2029. Lamulo lokhala ndi zipata zotere ndi mpanda wa mabowo.

Mwina wina wa ku Ndirande kapena ku Kawale afunsa kuti ife zikutikhudza pati, poti ambiri aife ngakhale Ilala sitinaikwerepo. Zikutikhudza chifukwa utsi ulibe pasipoti. Mmalawi wamba amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pachaka. Ndege imodzi ija ya mlendo ndi utsi wa zaka khumi za mmodzi wa ife. Mu March 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, anthu a ku Chilobwe nkukwiririka, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osaonekanso. Sindikunena kuti sitima ya ku Svalbard ndiyo inagumula Soche. Ndikunena kuti mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, mvula ya anamondwe nkumakula mphamvu, ndipo mpweya umene ukusungunula Monacobreen ndi womwewo uli pamwamba pa Blantyre. Iwo akuonera, ife tikukumba manda.

Nchifukwa chake ndikuti Norway isabwerere mmbuyo ngakhale amalonda alire bwanji, ndipo ichepetsenso chiwerengero cha sitima zololedwa pachaka. Zipata za IMO zitsekedwe. Kampani iliyonse ilembe patikiti, pafupi ndi mtengo, matani a utsi amene ulendowo utulutse, kuti wogula asadzanene kuti sanadziwe. Akatswiri ofufuza apite, chifukwa ali ndi ntchito kumeneko. Koma wofuna kungoonera adziwe kuti pali malo ena amene ulemu wake ndi kusapitako. Makolo athu ananena kale kuti madzi akatayika saoleka, ndipo madzi amene akutsika m'zikhoma za Svalbard sadzaundananso chifukwa chakuti wina anawajambula.