Dokotala akalema, amene avutika ndi inu

Amai ndi atate a mu Soweto, City Market, Kamwala, Mtendere ndi misika yonse, lelo tisiye pang'ono nkhani ya unga ndi malaiti, tikambe za munthu amene ambiri a ife timudandaula: dokotala wa m'chipatala cha boma.

Mudziwa mmene zimakhalira. Mwana watentha thupi usiku. M'mawa musiya tebulo kwa mnzanu, tomato amene mwaoda 04 hours ayamba kufewa padzuwa, inu muli pa layini ndi kadi m'manja. Mulowa 14 hours. Dokotala sakuyang'anani kumaso, afunsa mafunso awiri, alemba pepala, waitana kale wina. Mutuluka muli kukamba kuti, "Aba madokota ba masiku ano bayipa mitima." Kukwiya kwanu ndikumva, chifukwa tsiku la malonda lapita ndipo levy ya kanso siyembekeza.

Koma munafunsapo kuti munthu uja anayamba nchito nthawi yanji? Dokotala akakhala pa call, ayamba m'mawa, agwira usana wonse, achezera usiku wonse, ndipo kukacha nthawi zambiri ayendanso m'mawodi kuona odwala asanapite kunyumba. Inu kulema mukudziwa bwino. Mukalema maningi mumaphonya chenji, mwataya K5. Dokotala akaphonya, waphonya muyeso wa mankhwala a mwana wanu. Ofufuza anapeza kale kuti munthu amene wakhala maola 24 osagona amachedwa kuganiza ngati munthu amene wamwa mowa. Kodi mungakwere minibasi imene dalaivala wake sanagone kuyambira dzulo? Manje n'chifukwa chiyani tilola munthu wotero kugwira mpeni wa opaleshoni?

Kulema kumeneku kuli ndi dzina. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linakulemba kuti ndi vuto lochokera ku nchito, lotchedwa burnout. Zizindikiro zake ndi zitatu: mphamvu zimatha, mtima umauma pa nchito ndi pa anthu amene uwathandiza, ndipo nchito yeniyeniyo siyenda bwino ngati kale. Nkhope youma ija imene munaiona, nthawi zambiri ndi chizindikiro chachiwiri chimenechi.

Kumbukirani kolera imene inayamba mu October 2023 mpaka kulowa mu 2024. Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula, ndipo tinataya anthu oposa 700. Ife tinali kuopa kupatsana moni wa m'manja, koma madokotala, manesi ndi ma clinical officer anali m'kati, usana ndi usiku, kuika madiripu. Mliri utatha anabwerera ku malayini a masiku onse a ku Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi UTH.

Chimene chiwawa mtima n'chakuti madokotala ophunzira tili nawo. Amaliza ku Ridgeway, ku Ndola ndi m'mayunivesite ena, ena a iwo ana anu amene munawalipirira sukulu ndi ndalama ya kapenta ndi salaula. Ambiri akhala chabe kunyumba, ena agwira nchito yodzipereka popanda malipiro, ndalama ya basi apempha kwa makolo. Mu 2021 madokotala a bungwe la Resident Doctors Association of Zambia anachita go-slow, ndipo nkhani ya anzawo osalembedwa nchito inali pakati pa madandaulo awo. Mu 2025 bungwe lomwelo linauza odzipereka kuti aleke kugwira yaulere. Maboma awiri osiyana, kulira kumodzimodzi. Inde, mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo chabwino tichitchula chabwino. Koma ambiri mwa iwo sanali madokotala, ndipo masukulu atulutsa ena chaka ndi chaka. Wina agwa ndi tulo m'wodi, mnzake ali kunyumba ndi digiri m'sutikesi. Zimenezi si za nzeru.

Kuuza dokotala kuti "limba chabe" sikungathandize. Zimene tifuna kwa boma ndi izi:

1. Lilembe madokotala nchito chaka chilichonse, ndalama yake iikidwiretu mu bajeti, osati kuyembekeza kuti ayambe alira.
2. Pakhale malire a maola. Amene wachezera usiku apite akagone, wina alowe m'malo.
3. Ndalama za call zilipiridwe pa nthawi yake, ndipo livu ikhale livu yeniyeni.
4. Mankhwala ndi zipangizo zipezeke. Kutuma mai wosauka kukagula mankhwala ku kemisti, uku udziwa kuti alibe ndalama, kumadya mtima wa dokotala tsiku ndi tsiku.
5. Pakhale aphungu oti anchito a zaumoyo akambe nawo mwachinsinsi. Munthu amene aona imfa masiku onse afunika womumvetsera, popanda mantha akuti amuseka kapena achotsedwa nchito.

Mudzamva akuti ndalama kulibe. Mu 2001, ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Zambia ikali pansi pa muyeso umenewo. Inu msonkho mulipira pa shuga, pa mafuta, pa talk time. Muli ndi ufulu wofunsa kumene ipita.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tipite ku kiliniki matenda akali pang'ono, osayembekeza mpaka atinyamule pa wilibala usiku. A BP ndi shuga, mankhwala osaleka. Madzi akumwa tithiremo klorini, ndipo pa msika pakhale pa ukhondo mvula isanayambe. Ngati wanchito wa m'chipatala wakuchitirani mwano, kadandauleni kwa akulu a pachipatalapo, ndi ufulu wanu. Kutukwanizana pa layini sikufupikitsa layini.

Ndipo a MP kapena a khansala akabwera mu msika ndi zitenje, a chipani chilichonse, ngakhale chathu, afunseni kuti: "Pa chipatala chathu pali madokotala angati usiku, ndipo mudzaonjezera angati, liti?" Asachoke pa tebulo panu asanayankhe. Usiku umene mwana wanu adzafuna thandizo, mudzafuna kupeza dokotala amene anagona.