Oyilo wa njinga yamoto: tiziwerenga botolo tisanathire

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Domasi, pa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, amadziwa kuti phazi lisanaponde pansi anyamata a kabaza amakhala atamuzungulira kale. Njinga zawo ndi zimene zimafikitsa odwala ku chipatala cha Domasi, aphunzitsi kusukulu za kumudzi, ndiponso matumba a mpunga kuchokera kumunsi kwa chigwa kubwera kumsika. Ena mwa ife kwathu n'komweko, ndipo fizi imene timalipira pano imachokera pa njinga yamoto ya achimwene kapena ya amalume. Abusa athu ambiri a m'madera nawonso amayendera mipingo yawo pa njinga zomwezi. Choncho nkhani ya oyilo si ya amakaniko okha. Ikutikhudza.

Pa tchuthi chathachi angapo a ife tinali m'chigwachi kuthandiza pa msonkhano wa chitsitsimutso. Madzulo ena mkulu wa mpingo ananyamula batire ndi zokuzira mawu pa njinga yawo, ulendo wa kumudzi wina m'munsi mwa phiri la Malosa. Atafika pa chitunda, injini inayamba kulira kwambiri koma njinga osasuntha. Tinakankha mpaka thukuta kamukamu, ndipo anthu anadikira mpaka mdima. M'mawa mwake makaniko atatsegula, funso lake loyamba linali lakuti, "Bambo, munathira oyilo wanji?" Iwo anayankha monyadira kuti anathira wabwino zedi, wotsala pa galimoto ya mlamu wawo. Makaniko anangopukusa mutu. Mapuleti a kilatchi anali atatha kale pang'ono, inde, koma oyilo wa galimotoyo ndi amene anawamalizitsa.

Titabwerera kusukulu nkhaniyi inautsa mtsutso m'hositelo. Ena ankati oyilo ndi oyilo basi, zolemba pabotolo ndi njira yodyera ndalama za amphawi. Ena ankati munthu wokonda njinga yake azigula wodula kwambiri amene alipo m'sitolo. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zaphonya. Oyilo wopangidwira njinga zamoto ndi woyenera ndalama zake. Koma wodula kuposa onse, pa njinga ya kabaza ya 100cc kapena 150cc, kawirikawiri ndi kutaya ndalama chabe.

Tiyambe ndi mmene njingazi zinapangidwira. M'galimoto, injini ili ndi oyilo wake, magiya ali ndi wawo, ndipo kilatchi ya galimoto yosintha magiya pamanja imagwira ntchito ili youma. M'njinga zamoto zambiri zimene timaziona m'misewu yathu, zinthu zitatu zonsezi zimasamba m'oyilo mmodzi. Oyiloyo amayenera kuterera mokwanira kuti pisitoni ndi mabering'i zisadyeke, komanso asaterere mopitirira mpaka mapuleti a kilatchi kulephera kugwirana. Oyilo wambiri wa magalimoto amakono amamuthira mankhwala owonjezera kuterera n'cholinga chakuti galimoto isamwe petulo wambiri. M'galimoto zimenezo n'zabwino. M'njinga, mankhwala omwewo angachititse kilatchi kuterereka, makamaka pokwera chitunda mutanyamula katundu. N'zimene zinawaonekera mkulu wa mpingo aja.

Palinso china. Galimoto yaing'ono imalowa oyilo pafupifupi malita 4, pamene njinga yamoto yaing'ono imalowa lita imodzi kapena kucheperapo. Injini ya njinga imazungulira mofulumira kwambiri kuposa ya galimoto, ndipo zambiri zilibe madzi oziziritsa, zimangodalira mphepo. Taganizani za mwezi wa Okutobala kumunsi kwa Domasi, cha kunyanja ya Chilwa, njinga itanyamula matumba awiri a mpunga, ikuyenda pang'onopang'ono mumchenga. Mphepo yoziziritsa imakhala yochepa, kutentha n'kokhakokha. Pamwamba pa zimenezo mano a magiya amakhala akupera oyiloyo mpaka kupyapyala ngati madzi. Lita imodziyo imagwira ntchito yakalavulagaga.

Vuto la kilatchi si mphekesera. Linafika pokula moti m'chaka cha 1998 bungwe loona za miyezo ya magalimoto ku Japan, la JASO, linakhazikitsa muyezo wapadera wa oyilo wa njinga zamoto. Pabotolo pakalembedwa JASO MA kapena MA2, ndiye kuti oyiloyo anayesedwa ndipo amayenderana ndi kilatchi yosamba m'oyilo. Pakalembedwa JASO MB, ameneyo ndi woterera kwambiri, wa tinjinga tosintha tokha magiya, ndipo sayenera kulowa m'njinga ya kabaza. Chizindikiro cha 4T chimatanthauza oyilo wothira mu injini. 2T ndi wosakaniza ndi petulo, wa mtundu wina wa injini. Kusokoneza ziwirizi n'kuitana tsoka.

Nanga manambala aja, 20W-50, 10W-40 kapena 10W-30? Amanena za kukhuthala kwa oyilo. Nambala yoyamba ikusonyeza mmene amayendera injini ikadali yozizira, yachiwiri mmene amakhalira injini ikatentha. Pano pali chikhulupiriro chofala chakuti oyilo wokhuthala kwambiri ndiye wamphamvu, moti ena amamupima ndi zala ngati akugula uchi. Zala sizingakuuzeni kanthu. Yankho lili m'kabuku kamene kamabwera ndi njinga. Amene anapanga injiniyo ndiye akudziwa kukula kwa tinjira todutsa oyilo. Ngati kabukuko kanasowa, kapena njinga inagulidwa kwa munthu, funsani kwa ogulitsa njinga za mtunduwo kapena makaniko wodziwa ntchito yake. Paja safunsa anadya phula.

Tsopano timve mbali ya amene akutsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Oyilo ndi katundu wodalira ndalama zakunja, ndipo kuchokera pamene ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Wakabaza ambiri njinga si zawo. Madzulo aliwonse amapereka ndalama kwa mwini njinga, n'kutsala ndi yogulira ufa ndi kandiwo. Kuuza munthu wotero kuti agule botolo lodula n'kosavuta kwa ife amene nsima timaipeza itaphikidwa kale kukafiteriya. N'zoonanso kuti si oyilo aliyense wa galimoto amene amawononga kilatchi. Alipo ena opanda mankhwala oterera aja, ndipo njinga zina zayendera amenewo kwa zaka. Komanso mukaona kuti oyilo watsika muli pakati pa ulendo, kuwonjezera oyilo woyera wa galimoto n'kwabwino kuposa kuyendetsa injini youma.

Koma tiyeni tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti wakabaza amayenda makilomita 80 pa tsiku, masiku 6 pa mlungu, Sabata n'kupuma. Pa mlungu ndi makilomita 480, pa milungu inayi ndi 1,920. M'fumbi la misewu yathu, pamenepo oyilo amakhala atatopa ndithu. Ndiye kuti tikukamba za lita imodzi pa mwezi. Kusiyana kwa mtengo pakati pa oyilo wa njinga wosindikizidwa bwino ndi wongopungulidwa m'mbali mwa msewu, mukakugawa pa masiku 24 ogwira ntchito, kumakhala kochepa poyerekeza ndi petulo wa tsiku limodzi. Ikani mbali inayo mtengo wa mapuleti a kilatchi, maring'i, pisitoni, ndalama ya makaniko, ndi masiku amene njinga yagona osabweretsa kanthu. Wosauka ndi amene sangakwanitse n'komwe kuchita juga ndi injini yake.

N'chifukwa chake chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri si kusiyana kwa mayina a makampani ayi, koma oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa kapena a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Botolo lotero silinena kuti muli chiyani. Mwina ndi wabwino, mwina ndi wa injini za dizilo, mwina ndi wogwiritsidwa kale ntchito amene angomusefa. Wogulayo alibe njira yodziwira. Botolo losindikizidwa, lotsekedwa bwino pakamwa, logulidwa pamalo odziwika, ndilo chitetezo chokha chimene ali nacho.

Nanga oyilo wodula uja, amene pabotolo amalemba kuti synthetic? Ndi wabwino, sitikukana. Amapirira kutentha ndipo satha mphamvu msanga. Koma phindu lake lalikulu ndi kukhalitsa mu injini, ndipo apa m'pamene pali vuto. Njinga zing'onozing'ono zambiri zilibe sefa ya pepala ngati ya galimoto; zili ndi kasefa kawaya kogwira zinyalala zikuluzikulu, zina ndi kachipangizo kozungulira kopatula zotsalira. Fumbi lolowa ndi mpweya komanso tizidutswa ta mapuleti a kilatchi zimasambira m'oyilomo, kaya ndi wodula kaya wotchipa. Munthu akagula wodula amayesedwa kumusunga miyezi itatu kuti ndalama yake ibwerere, ndiye injini imakhala ikudzipera ndi mchenga. Kuli bwino oyilo wamba wa njinga, wa muyezo woyenera, wosinthidwa pa nthawi yake. Onjezani kuyang'ana kandodo koyezera oyilo m'mawa musananyamuke, ndi kutsuka kapena kusintha sefa ya mpweya. Zimenezi zimatalikitsa moyo wa injini kuposa dzina lililonse la pabotolo.

Patsala funso limene sitimalifunsa: oyilo wakuda uja amapita kuti? Timamuona akukhuthulidwa m'ngalande, kuthiridwa m'zimbudzi, ngakhale kupakidwa pa zilonda za ziweto. Mvula ikagwa, zambiri za izi zimatsikira mumtsinje wa Domasi, umene umathirira minda ya mpunga n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, choncho cholowamo sichikhala ndi kopita. Matemba amene timadyera nsima amachokera komweko. Oyilo wakale tizimusunga m'chigubu chotsekedwa bwino, kutali ndi ana ndi zitsime, n'kufunsa kumalo omwetsera mafuta kapena kumagalaja akuluakulu ngati amalandira.

Kutchalitchi timaphunzira za ukapitawo, koma kawirikawiri timaumalizira pa envelopu ya chakhumi ndi zopereka. Ukapitawo umafikanso pa katundu amene tapatsidwa kuti tisamalire, pa moyo wa mayi woyembekezera amene takweza usiku kupita naye kuchipatala, ndi pa mtsinje umene anansi athu amatungako madzi. Wokwera njinga ya bwana amene amathira oyilo wachabechabe n'kuika yotsala m'thumba sakuchita mokhulupirika. Mwini njinga amene amalandira ndalama tsiku lililonse koma osapatula ya oyilo nayenso akuthawa udindo wake. Ndipo komiti ya mpingo imene inagulira abusa njinga iyenera kuika ndalama yoisamalira m'bajeti, osati kudikira tsiku limene adzalephere kufika ku mgonero.

Ife ophunzira mwina tilibe ndalama yothandizira, koma kuwerenga timatha. Tikapita kwathu tchuthi chikubwerachi, titenge botolo limene achimwene amagula, tiyang'ane ngati pali 4T ndi JASO MA kapena MA2, tifananize manambala ake ndi a m'kabuku ka njinga, ndipo tiwagulire kakope kolembamo tsiku ndi makilomita amene asinthira oyilo. Mkulu wa mpingo aja anayamba kale kutero, ndipo kakope kawo amakasunga pansi pa mpando wa njinga.