Chikwangwani Chokha Sichichepetsa Liwiro

Pamene ntchito yokonzanso mseu wa M1 inayamba m'chaka cha 2022, kuchokera kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Kasungu ndi ku Mzimba, apaulendo anazolowera kuona anthu ovala malaya owala akugwira ntchito m'mbali mwa phula, galimoto zikuwadutsa pafupi. Munthu wogwira fosholo alibe chitsulo chomutchinga. Moyo wake uli pa phazi la dalaivala.

Ambiri amayesa kuti chikwangwani cholembedwa 40 chikazikidwa, ndiye kuti nkhani yatha. Komatu dalaivala amamvera maso ake koposa malemba. Akaona mseu wotambalala, wowongoka ndi wosalala, phazi limaponda mafuta lokha. Mseu womwewo ukapanikizidwa ndi migolo yondandalika, ukakhotetsedwa pang'ono polowera pamalo a ntchito, ukaikidwa timitumbira togwedeza galimoto, iye amachepetsa liwiro popanda womuuza. Choncho mlandu wa liwiro pamalo otere suli wa madalaivala okha. Ulinso wa amene amakonza kayendedwe ka galimoto pamalopo.

Kusiyana kwa liwiro kumene kumaoneka kochepa si kochepa ayi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo mtunda umenewo umatha dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Liwiro likawirikizidwa kawiri, mtunda woimira galimoto umatalika kanayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la makilomita 65, kuopsa koti afa kumaposa kanayi kuopsa kwa pa makilomita 50. Wopulumuka naye sapulumuka chabe: fupa la ntchafu likathyoka, munthu amagona m'chipatala masabata ambiri, banja likusowa womudalira.

Pali chizolowezi china chimene chimaononga ulemu wa zikwangwani. Ntchito ikatha, kapena antchito akaweruka, chikwangwani chimasiyidwa chili chiimire. Dalaivala amene wakwawa makilomita angapo osaona wantchito ndi mmodzi yemwe amaphunzira kuti zikwangwani zimanama, ndipo tsiku limene chidzanene zoona sadzachikhulupirira. Kuchiphimba ndi thumba madzulo si ntchito yolemetsa.

Wogwira mbendera yofiira ndi wofunika, koma aime poonekera patali, ndipo chenjezo liyambe dalaivala asanafike pa iye. Kumuimika kuseri kwa khona ndiko kumupereka nsembe. Apolisi nawo amathandiza, ngakhale kuti ambiri amatsitsa liwiro powaona n'kulikwezanso akangowapitirira, pamene mtumbira sugona, supita ku nkhomaliro.

Misewu yapadera yafumbi, imene galimoto zimapatukiramo phula likamakonzedwa, ndiyo imaiwalika kwambiri. Kawirikawiri imadutsa pafupi ndi makomo, misika ndi sukulu, pamene ana sanazolowere kuona malole. Fumbi likabuka, dalaivala saona mwana, mwananso saona galimoto. Misewu yotere iyenera kuthiridwa madzi, ndipo pofika pamudzi payenera kukhala mitumbira. Mtengo wa madzi, migolo, nyali za usiku ndi malipiro a ogwira mbendera ulembedwe m'pangano la ntchito kuyambira pachiyambi, kuti oyang'anira a bungwe la Roads Authority akafika pamalopo aziwerenga migolo monga momwe amayezera kukhuthala kwa phula.