Si ndege ya afiti ayi

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhulepo pa mkangano wosatha kuno ku Mwanza. Kukamveka chiphokoso ngati bingu, pomwe kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ena amati ndi mabomba a ku Zobue, kuiwala kuti nkhondo ya ku Mozambique idatha mu 1992. Ena, ndipo awa ndiwo akundidetsa nkhawa, amathamangira kunena kuti kwagwa ndege ya afiti, kenaka chala nkuloza agogo osalakwa.

Abale anga, kuthamboku kumagwa miyala. Imabwera pa liwiro loopsa, nkuyaka ndi kuphulika ikadali m'malere. Pa 22 Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu oposa 90 udagwa ku Machinga. Wina udagwa ku Chisenga, m'boma la Chitipa, mu 1988. Ku Chelyabinsk m'dziko la Russia, mwala wotere udaphulika mu 2013, nkuswa magalasi a mawindo ndi kuvulaza anthu oposa 1,000. Kodi kumenekonso adaulukira agogo a m'mudzi mwathu?

Ndikupempha a Geological Survey ku Zomba kuti adzayendere mafumu athu ndi kuwafotokozera zimenezi, nyumba ya nkhalamba ina isanatenthedwe.

Wokhudzidwa,
Thambani, Mwanza.