Chitedze si chakudya cha munthu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa zakudya zimene njala imatidyetsa kuno kumudzi.

Anzathu a m'tauni amanyansidwa ndi mbewa ndi ngumbi, koma zimenezo ndi ndiwo zaulemu. Chakudya choipa zedi ndi chimene mayi amapatsa ana ake akudziwa kuti chikhoza kuwapha.

Mu 2002 anthu adadya madeya ndi mizu ya nthochi. Ku Nsanje ankazula nyika m'madambo a ng'ona. Njalayo idatipeza boma litagulitsa chimanga cha m'nkhokwe zake. Mu 2023, namondwe wa Freddy atakokolola minda, mabanja ena ku Machinga ankaphika chitedze tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti ululu wake uchoke.

Chondiwawa n'chakuti pokolola timagulitsa chimanga kwa mavenda pamtengo wozizira, ndiye ikafika Januwale timakachigulanso pamtengo woboola m'thumba.

Ndikupempha boma kuti lizigula chimanga nthawi yokolola n'kudzaza misika ya ADMARC, osadikira maliro. Nafenso alimi tisamagulitse chonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Machinga.